Shoko ya m'chisanu ku Joni: phunzitsani mwana magetsi osayenda pa tebulo la kunyumba

Aliyense amene wakhalako chisanu chimodzi ku Johannesburg akuidziwa shoko ija. Mwatsika m'galimoto, mukuti mutseke chitseko, chala n'kumva ngati chabayidwa ndi singano. Usiku mukuvula juzi magetsi atazimitsidwa, mumva kuthetheka, ndipo mukayang'anitsitsa muona timbaliwali tabuluu. Kwathu zimachitikanso m'miyezi youma, koma kuno zimanyanya. Mzindawu uli pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo kuyambira June mpaka August mpweya wake umauma gwa, milomo mpaka kung'aluka.

Mwana wa achemwali anga ali mu Grade 11. Tsiku lina anandibweretsera buku lake la Physical Sciences, malamulo onse a mutu wa electrostatics, phunziro la magetsi osayenda, atawaloweza ngati vesi la ku Sande sukulu. Ndinakhuza baluni pamutu pake, n'kuyimata pakhoma, n'kumufunsa chomwe chikuyigwira. Anandiyang'ana nati, "Amalume, zimenezo sizili m'buku." Zinalimo, koma anali asanazigwirepo ndi manja. N'chifukwa chake ndondomeko ili m'munsiyi ikuyamba ndi manja, masamu akubwera pambuyo. Makolo amene munasiya sayansi kalekale musaope, zambiri muzitha limodzi ndi mwana.

Sonkhanitsani zipangizo, musankhe tsiku louma

Mufunika mabaluni awiri kapena atatu, selotepu yoonekera mkati, chipeso chapulasitiki, juzi yaubweya, chitini chopanda kanthu cha zakumwa zoziziritsa kukhosi, ulusi, jumbo yopyapyala, foilo ya kukhitchini, waya wakopa wotalika ngati chikhatho ndi botolo lagalasi lokhala ndi chivindikiro chapulasitiki, longa la jamu. Zonse zikhale zouma, manja omwe. Musadzole mafuta m'manja musanayambe.

Chinyezi ndiye mdani wa ntchito imeneyi. Mpweya ukakhala wonyowa, pa zinthu pamamatira kamadzi kosaoneka ndi maso, ndipo chaji, magetsi osayenda amene aunjikana pa chinthu, imathawira m'kamadzi kameneko musanaone kanthu. Mukayesa mu January mvula itangokata, mwana adzati mukunama. Mu July zimatheka ulendo woyamba. Chitirani kutali ndi pamene pakuwira madzi, kutalinso ndi gasi, palafini ndi petulo. Soketi ya pakhoma isakhudzidwe ndi chilichonse mwa izi.

Yambani ndi selotepu

Anthu ambiri amayamba ndi chipeso chonyamula tizidutswa ta pepala. Ine ndimayamba ndi selotepu, chifukwa imaonetsa chinthu chimene chipeso sichingaonetse: kuti chaji ilipo ya mitundu iwiri.

Dulani zidutswa ziwiri, chilichonse masentimita 20, mupinde nsonga imodzi kuti pakhale pogwira. Matani zonse ziwiri pa tebulo, chilichonse pachokha, kenaka muzimatule mwachangu. Zilendewetseni, chimodzi dzanja ili, china dzanja linalo, muziyandikizitse pang'onopang'ono. Zithawana, zikupindikira kunja ngati zanyansidwana.

Tsopano matani chidutswa chimodzi pa tebulo, china muchimate pamsana pa chinzakecho. Cha pansi lembanipo P, cha pamwamba M. Matulani zonse pamodzi mosathamanga, mupititse chala kumsana kosamata kuja kawiri kapena katatu, kenaka muzilekanitse mwachangu. Ziyandikizitseni: ulendo uno zikukokana. Konzani zina ziwiri mwa njira yomweyo, mwana ayese yekha. M ndi M zithawana, P ndi P zithawana, M ndi P zikokana. Musamuuze lamulo, aliyankhule ndi pakamwa pake: zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana.

Mayina akuti pozitivu ndi negativu anawakhazikitsa ndi Benjamin Franklin m'zaka za m'ma 1740. Koma kudabwa ndi zimenezi kunayamba kale kwambiri. Agiriki akale ankadziwa kuti utomoni wouma wa mitengo ukakhuzidwa umakoka timapesi ndi nthenga. Utomoniwo ankautcha elektron, ndipo m'mawu amenewa ndi momwe munachokera dzina la magetsi m'Chingerezi.

Fotokozani chimene chasamuka

Apa ndi pamene pafunika kukhala pansi, chifukwa ana ambiri amasokonekera pomwepa. Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi maatomu. Pakati pa atomu pali mapulotoni, a chaji ya pozitivu, omangika zolimba. Kunja kwake kuli maelekitironi, a chaji ya negativu, ndipo ena mwa iwo sachedwa kuchoka. Chinthu chimene mapulotoni ndi maelekitironi ake ali ofanana kuchuluka timati chilibe chaji, ngakhale kuti machaji ali thoo m'kati mwake. Angolingana basi.

Mukakhuza baluni pa tsitsi kapena pa juzi yaubweya, maelekitironi ena amachoka m'tsitsi n'kukakhala pa baluni. Baluni yatsala ndi ochuluka, yasanduka negativu. Tsitsi laperewedwa, lasanduka pozitivu, ndipo popeza tsitsi lililonse lili ndi chaji yofanana ndi linzake, limakankhana n'kuima njoo. Mapulotoni sanasunthe. Mwana akalemba pa mayeso kuti "chinthucho chalandira mapulotoni", malikisi apita. Chinthu chimasanduka pozitivu chifukwa chataya maelekitironi, palibenso njira ina pa zoyesa zathuzi.

Onaninso kuti kukhuza sikulenga chaji. Zimene baluni yapeza ndi zomwezo zimene tsitsi lataya, ngati ndalama yochoka m'thumba la malaya kupita m'thumba la buluku. Limeneli ndi lamulo la kusungika kwa chaji.

Popeza tsopano mukudziwa kuti baluni yokhuzidwa pa tsitsi ndi negativu, igwiritseni ntchito ngati muyeso. Iyandikizeni kwa M ndi kwa P. Chidutswa chimene chathawa baluni ndicho negativu.

Chitini, madzi ndi khoma

Gonekani chitini chija pa tebulo losalala, khuzani baluni, muyiyandikize m'mbali mwa chitini osakhudza. Chitini chiyamba kugubuduka kutsata baluni, ndipo mutha kuchiyendetsa tebulo lonse. Ana aang'ono amakuwa ndi chimwemwe pamenepa, alekeni apikisane. Tsegulaninso mpopi kuti madzi azituluka mopyapyala ngati ulusi, yandikizani chipeso chomwe mwangopesera tsitsi louma. Madzi apindikira ku chipeso.

Funso n'lakuti, chitini chilibe chaji, nanga chikukokedwa bwanji? M'chitsulo muli maelekitironi omasuka kuyenda. Baluni ya negativu ikayandikira, amathawira mbali yakutali ya chitini, mbali yapafupi n'kutsala pozitivu. Mbali yapafupiyo ikukokedwa, yakutali ikukankhidwa, koma kukoka kumapambana chifukwa mphamvuyi imakula zinthu zikayandikana. Khoma, pepala ndi pulasitiki sizilola maelekitironi kuyenda chotero, komabe m'kati mwa tizigawo take machaji amasendera pang'ono, pozitivu kuyang'ana baluni, negativu kufulatira. Kusendera kochepako, kukachitika m'tizigawo tosawerengeka, n'kokwanira kugwira baluni pakhoma. Limeneli ndiye linali yankho la funso limene ndinamufunsa mnyamata uja.

Pali phunziro limodzi pano limene aphunzitsi amakonda kufunsa. Kukokana si umboni woti zinthu zonse ziwiri zili ndi chaji, popeza chachaji chimakoka ngakhale chopanda chaji. Umboni weniweni ndi kukankhana.

Pangani chida choonera chaji

Boolani chivindikiro cha botolo pakati, lowetsani waya wakopa, mumange ndi selotepu kuti usatsetsereke. Nsonga ya m'kati ipindeni ngati mbedza. Dulani timasamba tiwiri ta foilo, masentimita 3 m'litali ndi theka la sentimita m'lifupi, boolani kabowo pamwamba pa kalikonse, mutikoleke pa mbedza tikhudzane koma tizigwedezeka momasuka. Ku nsonga yakunja kulungani kampira ka foilo. Tsekani botolo. Chida chimenechi kusukulu amachitcha electroscope.

Yandikizani baluni yachaji ku kampira. Timasamba titasuka. Chotsani baluni, tigwa. Maelekitironi anathawa baluni n'kutsikira ku timasamba, tonse tiwiri tinasanduka negativu n'kukankhana.

Tsopano chitani ichi mwa ndondomeko yake, osadumphitsa. Yandikizani baluni, timasamba titasuke. Baluni ili pomwepo, khudzani kampira ndi chala: timasamba tigwa. Chotsani chala kaye, baluni pambuyo. Timasamba titasukanso, ndipo ulendo uno tikhala chitasukire. Maelekitironi othawa baluni anadutsa m'chala chanu kupita pansi, munawatsekera njira yobwerera, chida n'kutsala pozitivu baluni isanachikhudze n'komwe. Mukalakwitsa n'kuchotsa baluni chala chikadali pomwepo, maelekitironi amabwerera ndipo palibe chotsala. Mulekeni mwana alakwitse kamodzi, kenaka afotokoze yekha chifukwa chake.

Tsopano tsegulani buku la masamu

Chaji imayezedwa mu coulomb, chidule chake C. Elekitironi imodzi ili ndi chaji ya 1.6 × 10⁻¹⁹ C, nambala imene Robert Millikan anayamba kuiyeza bwino mu 1909 ndi timadontho ta mafuta. Elekitironi yeniyeniyo anaitulukira ndi J.J. Thomson mu 1897. Makolo ophunzira ku Malawi dziwani kuti m'masukulu a kuno amalemba 1,6 ndi chizindikiro cha comma pamene ife tinazolowera dontho. Ndi nambala yomweyo, musakangane ndi mwana.

Coulomb imodzi ndi chaji yaikulu zedi, choncho mafunso amakonda microcoulomb, µC, yomwe ndi 10⁻⁶ C, ndi nanocoulomb, nC, yomwe ndi 10⁻⁹ C. Chaji iliyonse ndi chiwerengero chathunthu cha maelekitironi, palibe theka la elekitironi. Kuti mupeze chiwerengerocho, gawani chaji ndi chaji ya elekitironi imodzi: n = Q/e. Baluni ya −3.2 nC ili ndi maelekitironi owonjezera 2 × 10¹⁰, kutanthauza 20 biliyoni.

Funso lina la Grade 10 limene silisowa: timipira tiwiri tachitsulo tofanana ndendende, kena +6 nC, kena −2 nC, tikhudzana kenaka tilekana. Phatikizani machaji, zizindikiro zake zomwe, mugawe pawiri. 6 kuchotsapo 2 ndi 4, theka lake ndi +2 nC kalikonse. Akafunsa kuti maelekitironi achoka kuti, achoka pa kampira ka negativu kupita pa ka pozitivu. Chaji yosamuka ndi 4 nC, ndiwo maelekitironi 2.5 × 10¹⁰.

Mu 1785 Charles-Augustin de Coulomb wa ku France anayeza mphamvu ya pakati pa timipira tachaji ndi sikelo ya waya wopotoka, napeza lamulo limene lili ndi dzina lake: F = kQ₁Q₂/r², pamene F ndi mphamvu mu newton (N), Q₁ ndi Q₂ ndi machaji awiriwo, k ndi 9 × 10⁹ N·m²/C² ndipo r ndi mtunda kuchokera pakati pa kampira kena kufika pakati pa kanzake. Tengani 2 µC ndi 3 µC zotalikirana masentimita 10. Sinthani kaye masentimita akhale mamita, 0.1 m. Kuchulukitsa machaji kukupatsani 6 × 10⁻¹², kuchulukitsanso ndi k kukupatsani 0.054, mugawe ndi r², yemwe ndi 0.01. Yankho ndi 5.4 N, mphamvu yonga kulemera kwa shuga wopitirira pang'ono theka la kilogalamu.

Mufunseni mwana, asanagwire kalikyuleta, chimene chichitike mtunda ukakhala masentimita 20. Ambiri amati theka. Ayi, ndi gawo limodzi mwa magawo 4, 1.35 N, chifukwa r amadzichulukitsa yekha. Pa masentimita 30 ndi gawo limodzi mwa magawo 9, 0.6 N. Bwererani ku chitini chija kuti aone: baluni ikatalikira pang'ono pokha, chitini chimaima. Zolakwa zimene ndimaziona kawirikawiri ndi zitatu zokha: kuiwala kusintha masentimita, kuiwala kachiwiri ka pamwamba pa r, ndi kusanena ngati mphamvuyo ndi yokoka kapena yokankha. Komanso mphamvu pa chaji yaing'ono ndi yofanana kukula ndi ya pa chaji yaikulu, zimangosiyana kolowera.

Bwalo la mphamvu

Baluni sinakhudze chitini, komabe inachisuntha. Michael Faraday anaganiza kuti chaji iliyonse imasintha malo ouzungulira, kotero chaji ina ikalowa m'malomo imamva kukokedwa kapena kukankhidwa. Malo otere ndiwo electric field. Ine ndimawatcha bwalo la mphamvu ndikamafotokozera ana, ndipo ndimawakumbutsa za mbaula: kutentha kulipo pozungulira ngakhale palibe wowotha, kochuluka pafupi, kochepa patali. Kusiyana kwake n'kwakuti bwalo la chaji lili ndi kolowera pa malo aliwonse.

Kuti mulione, dulani jumbo m'timizere topyapyala 15 kapena 20, mumange mbali imodzi ndi ulusi ngati kamchira. Kapititseni m'juzi kangapo. Timizere titasuka mbali zonse, kalikonse kuthawa anzake. Njira ina, mangani kachidutswa ka selotepu ya pozitivu, ija yosathawa baluni, ku ulusi, mukazungulitse baluni yachaji, pamwamba, m'mbali, pansi, mwana azijambula kamuvi kosonyeza kumene kakukokedwera pa malo aliwonse. Akamaliza, wajambula bwalo ndi manja ake.

Pojambula m'buku, mizere imasonyeza kumene chaji yaing'ono ya pozitivu ingalowere itaikidwa pamenepo. Choncho imatuluka pa pozitivu n'kukalowa pa negativu. Siidutsana, chifukwa malo amodzi sangakhale ndi kolowera kuwiri. Pamene yathithikana, bwalo ndi lamphamvu. Imakumana ndi chitsulo itaima chilili, osati mopendekera. Pakati pa mbale ziwiri zachitsulo zoyang'anana, ina pozitivu ina negativu, mizere imakhala yowongoka ndi yotalikirana mofanana. Mwana asaiwale timivi, mzere wopanda muvi sulandira malikisi.

Kukula kwa bwalo ndi mphamvu pa coulomb iliyonse, E = F/q, ndipo pozungulira chaji imodzi E = kQ/r². Pa mtunda wa 0.3 m kuchokera pa +4 nC, E ndi 36 kugawa ndi 0.09, ndiye 400 N/C, kuloza kunja. Pakakhala machaji awiri, pezani bwalo la iliyonse payokha, jambulani timivi take, kenaka muphatikize ngati taloza kumodzi, muchotsere ngati tatsutsana. Kujambula kuyambe, kuwerengera kutsatire.

Kuchokera pa chitseko cha galimoto kufika ku mitambo

Mpweya sulola magetsi kudutsa, koma uli ndi malire. Bwalo likafika pafupifupi mavoti 3,000 pa milimita imodzi, mpweya umagonja n'kusanduka njira, mbaliwali n'kudumpha. Pamtunda ngati pa Joni mpweya ndi wopepukirako, ndiye umagonja msanga pang'ono. Shoko ya pa chitseko ija ndi ya mavoti masauzande angapo, koma chaji yake ndi yochepa kwambiri ndipo imatha m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso. Munaitola pokhuzika ndi mpando potuluka. Gwirani chitsulo cha galimoto musanadzuke pampando, mupitirize kugwira mpaka phazi liponde pansi, shokoyo simuimvanso. Pa chifukwa chomwechi, chigubu chothiramo petulo chiikidwe pansi pothira, osati pa matiresi kapena pa pulasitiki kumbuyo kwa bakkie, galimoto yotsegula kumbuyo ija, pakuti kambaliwali kamodzi n'kokwanira kuyatsa nthunzi ya petulo.

Chenjezo ili ndimalinena kwa aliyense wokhala m'nyumba za lendi. Shoko ya chaji yosayenda imabaya kamodzi n'kutha, mukakhudzanso palibe. Koma ngati mpopi wa kubafa, sitovu kapena furiji zikukunjenjemeretsani nthawi iliyonse mukakhudza, amenewo ndi magetsi a m'nyumba a mavoti 230 amene akudontha, ndipo amapha. Zimitsani pa bokosi lalikulu, muitane wodziwa zamagetsi tsiku lomwelo.

October akafika, zoyesa za pa tebulo zimayamba kuvuta, koma kumwamba kumatenga ntchito. M'mitambo ikuluikulu ya masana ija, timatalala ndi tizidutswa ta madzi oundana timagundana n'kusinthana chaji. Kunsi kwa mtambo kumakhala negativu, pamwamba pozitivu, ndipo nthaka ya pansi pake imasanduka pozitivu monga inachitira mbali yapafupi ya chitini. Bwalo likakula mokwanira, mphezi imang'amba mpweya. Franklin anasonyeza mu 1752 kuti mphezi ndi magetsi omwewa. Ndipo zambiri za mmene imatsikira zinadziwika konkuno: m'zaka za m'ma 1930 Basil Schonland ndi anzake anajambula mphezi za ku Johannesburg ndi kamera yapadera, naona kuti kanjira kosawala kwambiri kamatsika kuchokera ku mtambo modumphadumpha, ndipo kakalumikizana ndi nthaka, kuwala kwakukulu kumakwera kuchokera pansi kupita kumwamba. Schonland ndiye anali mkulu woyamba wa Bernard Price Institute ku yunivesite ya Wits, ya mu Joni momwemo.

Bwalo limathithikana pa zinthu zosongoka ndi zazitali, n'chifukwa chake mtengo woima paokha, nsanja, ngakhale munthu woima pa bwalo la mpira zimakhala pangozi. Kwathu mphezi ikagwa pakhomo, mitima imathamangira kufunsa amene waituma, ndipo mabanja adanapo chifukwa cha funso limeneli. Mwana amene waona mbaliwali ikudumpha kuchoka pa chala chake ali ndi pogwira pena. Muphunzitseni kuthawira m'nyumba yanjerwa kapena m'galimoto yotseka mawindo. Chimene chimateteza m'galimoto si matayala ayi, ndi thupi lake lachitsulo, lomwe limayendetsa chaji kunja kwake mpaka pansi, m'kati n'kukhala mopanda bwalo. Pansi pa mtengo asabisale, ndipo adikire mphindi 30 chilekere bingu lomaliza asanabwerere kokasewera.

Ntchito yomaliza ndi ya pa windo, muli m'nyumba. Ching'aning'ani chikawala, mwana awerenge masekondi mpaka bingu limveke. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi, choncho masekondi 3 aliwonse ndi kilomita imodzi. Alembe m'kope nthawi ndi mtunda wa mphezi iliyonse, ndipo pakatha zisanu kapena zisanu ndi imodzi akuuzeni ngati mvulayo ikubwera kwanu kapena ikupita.